Zaka zinayi tikusamutsa mabuku pa Kasungu

Mwezi uno kashopu kathu kosamutsa mabuku a m'mafoni kakwanitsa zaka zinayi, ndiye ndati ndikhale pansi ndikuuzeni komwe tachokera.

Mu 2021 ine ndinali wobena nyimbo chabe, ngati anyamata ena onse a kufupi ndi depoti. Tsiku lina kunabwera mayi wina, mphunzitsi wa kupulayimale, natulutsa m'chikwama kachipangizo kakuda kopyapyala, atakakulunga m'kansalu ngati dzira. Inali Kindle, kachipangizo kowerengerapo mabuku, mwana wawo anawatumizira kuchokera ku Joni, koma munalibe buku ngakhale limodzi. Mabuku onse anali mu Tecno yawo, ndipo maso anali atayamba kuwawa ndi kuwala kwa foni. "Achimwene, mungandisamutsireko?" Ndinati ee amayi, mubwere mawa. Chonsecho Kindle ndinali ndisanaigwirepo chibadwire.

Usiku umenewo bandulo inathera pofufuza, mpaka ndinapeza Calibre, pulogalamu yaulere ya pakompyuta imene imatembenuza buku kuchoka mu mtundu wina kupita mu wina. M'pamene ndinadziwa kuti Kindle siwerenga fayilo ya buku ya mtundu wa EPUB ukangoiponyamo pa chingwe, pamafunika kuisandutsa kaye AZW3, mtundu umene Kindle imawerenga. Chaka chotsatira Amazon, kampani yopanga Kindle, inayamba kulandira EPUB kudzera pa njira yake yotumizira mabuku ya Send to Kindle, koma imeneyo imafuna intaneti, ndiye ife chingwe sitinachisiye. PDF ndiye wamakani. Ukaitembenuza mizere imaduka pakati, manambala a masamba n'kulowerera m'nkhani, mpaka lero ndimayamba ndachenjeza mwini wake. Amayi aja anapita akumwetulira, ndipo sabata isanathe anabwera ndi aphunzitsi anzawo atatu.

Pa tebulo ndinaika kope lachikuto cholimba. Aliyense wobwera ndinkamupempha kuti alembemo nkhani imene yamusangalatsa ndi chifukwa chake. Wina analemba kuti, "Iyi musawerenge muli ndi mphika pamoto." Wina anayankha m'munsi mwake ndi cholembera chofiira kuti mathero ake ndi abodza. Anthu osadziwana anayamba kukangana m'kopemo, namwino ndi wakabaza, wophunzira uphunzitsi ndi mlimi wa fodya wa ku Chamama amene amatulukira akagulitsa mabelo ku Chinkhoma. Wobwera asakudziwa choti awerenge ndinkangomutsegulira tsamba.

Mavuto anatipeza kumapeto kwa 2023. Mu November kwacha inagwa ndi 44 peresenti, mitengo n'kuyamba kuthamanga. Pofuna kugula katundu asanakwerenso, ndinatenga katapila n'kukapikula mamemore khadi ku Lilongwe. Pa paketi analemba 32GB. Kuikamo mabuku zinkaoneka bwinobwino, koma munthu akafika kunyumba mafayilo osatseguka. Onse anali achinyengo, ndipo makasitomala ndinawabwezera ndalama za m'thumba mwanga. Bambo munandigulitsa aja, mukudzidziwa, nambala munasintha ija tinaisunga. Mvula itayamba, magetsi anazima masana ena n'kubwera ndi mphamvu. Laputopu inanunkha chopsa, ndipo hard drive imene ndinasanjamo ntchito ya zaka ziwiri inapita nayo limodzi. Wakatapila yekha ndiye sanaphonye Lachisanu ngakhale limodzi. Ankafika m'mawa ndisanasese n'komwe, chifundo anachisiya kwawo.

Ndinatseka milungu isanu. Potsegulanso ndinali ndi laputopu yobwereka ndi kope lija basi. Ndinayamba tsamba loyamba, kutsata mitu imodziimodzi, ndipo amene anali ndi mabuku aulere m'mafoni mwawo anabwera okha kudzandibwezera pa Xender ndi Bluetooth. Panopa zonse zimakhala malo awiri, kwinako kunyumba m'chitini cha mabisiketi.

Chimodzi ndinene poyera, chifukwa ena amakwiya nacho. Buku limene munagula lili ndi loko woletsa kukopera wotchedwa DRM sitithyola, ndipo buku la mlembi amene akugulitsa sitikopera anthu, makamaka alembi athu a kuno kumudzi. Nawonso ali ndi ana ofuna fizi. Zaulere zilipo zambiri. Project Gutenberg, laibulale ya pa intaneti imene inayamba mu 1971, ili ndi mabuku akale oposa 70,000, ndipo za ana timatenga pa webusaiti ya African Storybook pomwe pali nthano za m'Chichewa.

Ndithokoze amayi a Kindle aja, omwe mpaka pano amanditcha mwana wawo. Ndithokoze mkazi wanga amene anagulitsa mbuzi ziwiri osandifunsa kawiri, amayi a banki m'khonde amene anandichotsa m'kamwa mwa katapila, mlamu wanga mwini laputopu, ndi mnyamata wokonza mafoni pafupi nafe amene ankandisungira makasitomala nthawi yotseka ija. Achemwali ogulitsa mandasi pakhomopa, ngongole ya tiyi ija sindinaiwale. Ndi inu nonse munalembapo m'kope, ngakhale inu a cholembera chofiira.

Tsopano tili pa kope lachitatu. Ngati mwagula foni yatsopano ndipo mabuku atsalira m'yakale, bwerani nazo zonse ziwiri pamodzi ndi chaja. Timasamutsa pakati pa foni, tabuleti, Kindle ndi Kobo (inzake ya Kindle), timakuikirani ReadEra yowerengera mabuku pa foni n'kukulitsa zilembo mpaka maso anu avomere. Memore khadi iliyonse timaiyesa inu mukuona. Airtel Money ndi Mpamba timalandira, ndipo mwezi uno aliyense wolemba m'kope timusamutsira mabuku asanu oyamba ulere.