Nanga ng'ombe zanga?

Ndimagwira ntchito yomasulira m'khoti la majisitireti kuno ku chigwa cha Shire. Mlandu umalembedwa m'Chingerezi pomwe anthu athu amalankhula Chimang'anja ndi Chisena, ndiye mawu onse amadzera pakamwa panga. Sabata yathayi yandisowetsa tulo.

Lolemba anabweretsa mkulu wina wochokera cha ku Ngabu, wopanda nsapato, malaya ali nyowe ndi thukuta la Okotobala. Mlandu wake unali wakuba ng'ombe, womwe chilango chake chimatha kufika zaka 14. Nditamuwerengera n'kumufunsa ngati akuvomera, anati, "Inde bwana, ndinaitengadi." Ndikanangomasulira kuti wavomera, bwenzi nkhani itathera pomwepo. Koma kutenga si kuba. Ndinapereka mawu ake monga anawanenera, woweruza anafunsitsa, ndipo zinadziwika kuti ng'ombeyo inali yotsala pa malowolo a mwana wake wamkazi, imene mkamwini wakhala akuzengereza nayo zaka zambiri. Analemba kuti waukana mlandu. Loya analibe, monga ambiri obwera kuno. Usiku ndinkaganiza za akuluakulu ena amene amanena "inde" pongolemekeza munthu wokhala pampando.

Lachiwiri kunali za belo, ndi mnyamata amene anakhala m'chitokosi kupitirira maola 48 omwe malamulo oyendetsera dziko amalola. Anatuluka.

Lachitatu ndi lomwe linandiwawa. Mayi wina wa ku East Bank anadzuka m'mamawa, kulipira bwato kuwoloka Shire, kenako njinga yakabaza, kudzachitira umboni pa mlandu wa munthu amene anamuvulaza pomenyanirana malire a dimba. Malirewo anakokoloka ndi madzi a namondwe wa Freddy mu 2023, mitengo yonse imene ankaloza kulibenso. Doketi, fayilo ya mlanduwo yochokera kupolisi, sinabwere, ndiye mlandu sunazengedwe. Aka kanali kachitatu. Ine ndi amene ndinamuuza tsiku lina loti adzabwerenso. Anamasula mfundo ya chitenje, kuwerenga ndalama zotsala, n'kunena motsitsa mawu, "Achimwene, ingowauzani kuti ndakhululuka." Sanakhululuke mayi uja, ndalama ya ulendo ndiyo yatha. M'buku mudzalembedwa kuti wodandaula anasiya yekha mlandu.

Sindikunyoza khoti. Ndinaonapo zimene gulu lokwiya limachita likagwira woganiziridwa kuba, ndipo nyumba ino, yotentha ndi yochedwa chonchi, imamupatsa munthu mpata woyankha. Koma khoti limaweruza zokhazo zimene zafika m'chipindamo ndi kulembedwa. Zotsalira kudimba ndi padoko sizilowa.

Lachisanu mnyamata wina analamulidwa kukakhala kundende zaka zisanu atavomera kuti anaba ng'ombe ziwiri zokoka ngolo. Zinaphedwa kalekale, nyama inagulitsidwa. Mwini wake, bambo wa imvi, anamvetsera chigamulo chonse mpaka ndamaliza kumasulira. Pamene anthu ankatuluka, bamboyo anandigwira dzanja pakhomo n'kufunsa, "Mwanawe, ndamva kuti wamangidwa. Nanga ng'ombe zanga?"

Ndinamufotokozera kuti angathe kusuma mlandu wina wofuna chipukuta misozi. Anandifunsa kuti ulendo umenewo adzabwera kangati.