Kompyuta ikamachonga kateredwe ka ndege pa sitima yankhondo

Mu DCS World, pulogalamu yoyeserera kuulutsa ndege zankhondo yokonzedwa ndi a Eagle Dynamics, ukatera ndi F/A-18C Hornet pa sitima yonyamula ndege, pa sikirini pamatuluka kamzere ka zilembo. M'kamzereka muli giredi yako, zidule za zimene walakwitsa, ndi nambala ya chingwe chimene wakola, mwa zingwe zoyalidwa pa malo oterapo zoimitsira ndege. Machongedwe amenewa anabwera ndi gawo la Supercarrier limene linatuluka mu 2020, momwe muli sitima ngati Theodore Roosevelt ndi Abraham Lincoln. Kamzere kameneka ndi kamene ndakhala ndikuphunzira kuwerenga, ndipo ndaona kuti ambirife timakawerenga chobwerera: maso amathamangira kumapeto, pa nambala ya chingwe, pamene nkhani yeniyeni ili koyambirira.

Kompyuta ikungotengera ntchito ya munthu. Ku gulu la asilikali apamadzi a ku America, ndege iliyonse yotera pa sitima imachongedwa ndi LSO, msilikali wotsogolera ndege potera, amene nayenso ndi woyendetsa ndege, ataima chakumbuyo kwa sitima, mbali ya kumanzere. Palibe wothawa, ngakhale mkulu wa gulu. OK yodulidwa mzere kunsi ndi malikisi 5, ndipo imaperekedwa mwa kamodzikamodzi. OK wamba ndi 4, Fair ndi 3, No Grade ndi 2, ndipo Cut, kutera koika moyo pachiswe, ndi 0. Bolter, pamene ngowe ya kumchira yaphonya zingwe zonse ndipo ndege yanyamukanso, ndi 2.5. Onani bwino pamenepo: wophonya zingwe zonse amaposa amene wakola chingwe koma atabwera moipa. Zotsatirazo amazipachika pa bolodi m'chipinda chokumaniramo oyendetsa ndege, aliyense n'kumaona za mnzake.

Chimene chimachongedwa ndi kanthawi kochepa zedi, masekondi 15 mpaka 18 omaliza, ndege itawongoka kuloza sitima. M'kanthawi kameneka pali zinthu zitatu zoti zigwirizane. Choyamba ndi njira yotsikira, yopendekeka madigiri 3.5. Imeneyi umaiona pa magetsi otsogolera kutera otchedwa IFLOLS, kumanzere kwa malo oterapo: kampira kachikasu kakhale pamzere umodzi ndi magetsi obiriwira. Kakakwera ndiye kuti uli pamwamba, kakatsika uli pansi, kakafiira watsikitsa moopsa. Chachiwiri ndi kulunjika pamzere wapakati, ndipo apa sitima imachita chipongwe, chifukwa malo oterapo anawapotoza madigiri 9 kuchokera kumene sitimayo ikulowera. Sitima ikamapita kutsogolo, mzerewo umakuthawira kumanja, ndipo umayenera kumautsata pang'onopang'ono mpaka kumapeto. Chachitatu ndi mmene mapiko akukumanira ndi mphepo, chimene oyendetsa ndege amachitcha AoA. Pa Hornet chimayenera kukhala madigiri 8.1, kuti ngowe ndi mateyala zifike pansi mmene anazikonzera.

Chachitatuchi ndi chimene chinandisintha kaganizidwe. Nzeru zachibadwa zimakuuza kuti ukakhala pansi ukoke ndodo yowongolera ndege, mphuno ikwere. Pa sitima sizitero. Ndodo imasunga AoA, ndipo kukwera kapena kutsika ndi ntchito ya dzanja lamanzere, la pa mphamvu ya injini. Ndipo kukonza kulikonse kumabwera patatu: uwonjezere mphamvu kuti kampira kakwere, uchotse kuti kasapitirire, kenako ubwezere pamlingo woyenera. Ukaiwala gawo lachiwiri, cholakwa chimodzi chimabereka chinzake.

Zidule zake sizovuta kuloweza. X ndi poyambira, IM ndi pakati, IC ndi pafupi, AR ndi pamlomo pa sitima (m'mphepete mwa kumbuyo, polowera pa malo oterapo), IW ndi m'zingwe. H ndi pamwamba, LO pansi, F liwiro lachuluka, SLO lachepa, LUL wapatukira kumanzere, LUR kumanja. Chidule chikakhala m'mabulaketi ndiye kuti cholakwacho chinali chaching'ono, chikadulidwa mzere kunsi ndiye kuti chinali chachikulu.

Tsono tiyeni tibwerere pa nambala ya chingwe. Sitima ngati Theodore Roosevelt ili ndi zingwe 4, zotalikirana pafupifupi mamita 12, ndipo cholinga ndi chingwe cha nambala 3. Chifukwa cha ichi anthu ongoyamba amanyadira 3 ngati kuti ndiye giredi. Koma ukhoza kubwera pamwamba njira yonse, n'kudula mphamvu pamlomo pa sitima, n'kudziponya pa chingwe cha 3. Chingwe wakola, inde, koma LSO aliyense, wamoyo kapena wa kompyuta, akupatsa giredi yoipa, chifukwa ukanaphonya pang'ono pokha ukanamenya kumbuyo kwa sitima. Ndege ikamayenda bwinobwino pa madigiri 3.5, ngowe imadutsa pamlomopo ndi mpata wa mamita pafupifupi 4 okha. N'chifukwa chake chingwe cha nambala 1 sachikonda, ndipo n'chifukwa chake pali lamulo lakuti ukafika pafupi uli pamwamba, usalimbane kubwezera kampira pakati. Ungokaletsa kukwera, ndipo ngati waphonya zingwe, waphonya. Paja mateyala akangogunda pansi umakankha mphamvu ya injini ngati kuti ukunyamukanso, nthawi zonse, kukola kapena kusakola.

Pamene ndakhala nthawi yaitali ndi pa funso la chimene kompyuta imaona ndi chimene siiona. Kuyeza imayeza bwino kuposa munthu. Imadziwa pamene ndege ili mphindi iliyonse, imayerekeza ndi njira yoyenera, ndipo kupatuka kukadutsa malire amene anaikidwa, imalemba. Siitopa, siikondera, usiku kapena usana n'chimodzimodzi. Koma imalemba zimene zachitika, osati chifukwa chake.

Tengani giredi yonena kuti HX, kenako LOIC, kenako chingwe cha 1. Ukaiwerenga ngati mndandanda, uganiza kuti walakwitsa zinthu ziwiri, kukwera poyambira ndi kutsika pafupi, ndipo ulendo wotsatira uyamba kulimbana ndi kutsikako chifukwa ndiko koopsa. Pamene cholakwa n'chimodzi. Unayamba uli pamwamba, unachotsa mphamvu yambiri kuti utsike, sunaibwezere msanga, kenako unalowa mumphepo yosokonekera imene imakhala kumbuyo kwa sitima, ikugwetseratu. Ndipo kuyamba uli pamwambako nakonso kunabadwira kwina, kumene kamzere ka giredi sikafikako. Masana kukakhala kowala, ndege imadutsa sitima pa mafiti 800, imakhota kumanzere, imatsika kufika pa mafiti 600 ikubwerera m'mbuyo, ndipo iyenera kukhala pa mtunda wa makilomita 2 ndi pang'ono kuchokera pambali pa sitimayo isanayambe kukhota komaliza. Ukayandikira kwambiri, kukhotako kumakhala kothina, umatuluka uli pamwamba komanso utadutsa mzere, ndipo masekondi ako ochepa aja amathera kuzimitsa moto umene unayatsa mphindi imodzi yapitayo. Zili ngati mphunzitsi wa masamu amene wathetha yankho lomaliza lokha, pamene nambala inasochera pamzere wachiwiri.

LSO wamoyo amaona zimenezi. Amamva kulira kwa injini, amadziwa ngati wamvera atakuuza kuti uwonjezere mphamvu, amadziwa kuti sitima inali kugwedezeka ndi mafunde, ndipo pambuyo pake amabwera kudzakambirana nawe. Kwa iye, kupatuka pang'ono kokonzedwa msanga ndi mwaulemu si mlandu waukulu. Kwa kompyuta malire ndi malire: ukawadutsa ndi kachidutswa walembedwa, ukatsala ndi kachidutswa wapulumuka, ngakhale maulendo awiriwo anali ofanana. Ine ndimaona kuti apa m'pamene anthu amakwiyira makina pachabe, ena mpaka kuyamba kuulutsa ndege mofuna kusangalatsa malirewo. Giredi imodzi ya kompyuta siyenera kukhulupiriridwa kwambiri. Koma chidule chimodzimodzi chikamabwerabwera madzulo onse, LUL pafupi, LUL pafupi, pamenepo ndiye yanena zoona, ndipo kawirikawiri tanthauzo lake n'lakuti maso achoka pa kampira ndi pamzere, ayamba kuyang'ana pansi pomwe ukufuna kutera.

Anthu ena osewera DCS amagwiritsa ntchito AIRBOSS, gawo la mapulogalamu owonjezera pa DCS otchedwa MOOSE, limene limachonga mwa njira yakeyake, limakuuzanso za mmene wazungulirira usanawongoke, ndipo limatha kusunga manambala a kutera konse mu fayilo. Kwa wophunzira ndimaona kuti izi n'zothandiza kuposa giredi yokha, makamaka ukaphatikiza ndi Tacview, imene imakuonetsanso ulendo wonse uli panja pa ndege. Pamenepo umaona ndi maso mzere umene unayenda utasanjikizana ndi umene unayenera kuyenda, ndipo malo amene anasiyanirana nthawi zambiri amakhala kutali ndi sitima.

Panopa ndikatera ndimawerenga chidule choyambirira chokha, cha pa X, n'kufunsa kuti chachokera kuti. Masiku ena sinditsitsa ngowe n'komwe: ndimagunda pansi n'kunyamukanso, kuti nambala ya chingwe isandisokoneze, ndipo ndimangoyang'anira mafiti 600 aja, mtunda wa pambali pa sitima, ndi AoA kuti ikhazikike pa 8.1 ndisanayambe kukhota. Kutera usiku ndi kwa nyengo yoipa, kumene amabwera molunjika kuchokera kutali motsogozedwa ndi zida za m'ndege, ndakuika padera kufikira pa X patayamba kutuluka popanda chidule.