Kusaka laoshi (mphunzitsi) wa HSK 6: sikuti Mtchaina aliyense angakuphunzitse

Anzanga amene munaphunzira ku China, ndi inu amene mukumasulira mabwana m'makampani a zomangamanga kunoko, nkhaniyi ndi yanu. Ena mwakhala mukundifunsa kuti munthu wondikonzekeretsa HSK 6, mayeso aja oyesa luso la Chitchaina pa level 6, ndinamupeza bwanji, ndiye m'malo moyankha mmodzimmodzi pa WhatsApp ndangoti ndilembe kamodzi basi, wofuna awerenge.

Tiyambe tamvana kaye kuti mayesowa ndi otani, poti ena amaona ngati ndi HSK 5 yomweyo angowonjezera mawu. Pa pepala inde zimaoneka choncho, pa silabasi yakale ija HSK 4 ndi mawu 1,200, HSK 5 ndi 2,500, HSK 6 ndi 5,000 kupita m'mwamba, malikisi onse ndi 300 ndipo ukapeza 180 ambiri amati wakhoza. Pali kumvetsera mafunso 50, kuwerenga mafunso 50 mu mphindi 50, kenako kulemba. Kulembako ndiye kuli nkhani aise. Amakupatsa nkhani ya zilembo pafupifupi 1,000 kuti uwerenge kwa mphindi 10, osalemba kalikonse, ngakhale kanotsi kapambali ayi, ikakwana taimu amakulanda, ndiye iwe uyilembenso kuchokera m'mutu mwachidule, zilembo pafupifupi 400 mu mphindi 35, uyipatse mutu wako koma usaikemo maganizo ako. Eni ake amati suoxie. Ndiye pa kuwerenga paja mafunso 10 oyambirira ndi ma bingju, amakuikira ziganizo zinayi zooneka bwinobwino zonse, iwe uloze chimene chili ndi vuto. Zinthu ziwirizi, suoxie ndi bingju, ndi zimene zinandituma kukasaka mphunzitsi, chifukwa mawu aja munthu utha kuloweza wekha ndi Pleco kapena Anki uli mu minibasi, koma palibe app imene ingakhale pansi n'kukuuza kuti chiganizo chako chapindika pati komanso chifukwa chani.

Munthu woyamba kundithandiza anali injiniya wina wa kuntchito kwathu, bambo wa ku Hunan, munthu wabwino mtima zedi ndipo sankafuna ngakhale tambala. Tinkakhala tikaweruka, iye ndi kabotolo kake ka tiyi ine ndi mapepala akale a mayeso. Ndikamuonetsa bingju amangoyang'ana pang'ono n'kuloza kuti ndi B. Ndikaona ku mayankho, zoonadi ndi B. Koma ndikafunsa kuti bwana chalakwika n'chani pamenepa, yankho linali lomwelomwelo tsiku lililonse, akuti sichikumveka bwino basi. Nthawi zina naye amaphonya n'kumakalipa kuti amene amakonza mafunso amenewa ndani kkkk. Sindikumunyoza ayi, ifenso tomwe mzungu atatifunsa chifukwa chimene timati galu wanga koma mbuzi yanga, ambiri tingangoti ndi mmene timayankhulira, amene angafotokoze ndi uja anakhala pansi n'kuphunzira galamala ya Chichewa. Chinanso, Chitchaina cha bambowa ndi cha kwawo, h amamutchula ngati f, n ndi l amaphatikiza, mpaka dzina la chigawo chawo lomwe limatuluka Fulan. Pa saiti zimenezo zimandithandiza kwambiri chifukwa ndi anthu amene ndimagwira nawo ntchito, koma mawu a pa mayeso ndi Putonghua, Chitchaina chovomerezeka chenicheni cha pa wailesi, ndipo amakuseweretsa kamodzi kokha.

Ena anandiuza za Confucius Institute ya University of Malawi ku Lilongwe, kumene amaphunzitsa Chitchaina. Kwa munthu amene akuyamba kumene kapena ali pa ma level apansi ndingati yambirani konko, mukaonane ndi aphunzitsi maso ndi maso, mukafunsenso za masiku a mayeso. Kungoti pamene ndafika inepa sindikufuna kalasi ya gulu, ndikufuna munthu woti atenge pepala langa ine ndekha, alifiiritse ndi cholembera, sabata yamawa aonenso ngati ndabwereza zomwezo.

Ndiye ndinalowa pa intaneti. Pa italki, pulatifomu yopezerapo aphunzitsi a ziyankhulo, aphunzitsi anawagawa pawiri, pali ma professional teacher amene anaonetsa mapepala awo a uphunzitsi ndiye pali ma community tutor amene kwenikweni ndi ocheza nawo kuti lilime lizolowere, ndipo mitengo yawo imasiyana. Preply nayonso ilipo. Vuto ndi loti pafupifupi aliyense pa mbiri yake analemba kuti amakonzekeretsa HSK 1 mpaka 6, ndiye ukangoona kavidiyo kake akumwetulira uganiza kuti wapeza. Ine ndinkagula kalasi yoyeserera ija yotchipa, n'kupita ndi funso langa m'thumba. Ndi chiganizo chija chotchuka chimene chimayamba ndi tongguo (kudzera mu) kenako pakati n'kubwera shi (kuchititsa), monga kunena kuti kudzera mu maphunzirowa kwachititsa ine kumvetsa zambiri. M'Chitchaina chiganizo chotere chimakhala chopanda mwini nkhani, chifukwa tongguo wameza mbali yoyamba ndipo shi wameza yachiwiri, uyenera kuchotsapo mmodzi. Mphunzitsi wina anangoti cholakwika, tiyeni tipitirize. Wina anayamba kundifunsa za Africa, ngati kuli kotentha, ngati ndinaonapo mkango, theka la ola linathera pomwepo ndipo ndalama yanga inapita ndithu. Amene ndinamutenga sanadikire n'komwe kuti ndimalize kuwerenga, anati apa pasowa zhuyu, mwini nkhani uja, anandionetsa njira ziwiri zokonzera, kenako iye mwini anandipangira ziganizo zina zitatu za mtundu womwewo kuti ndikonze ine pompo. Pamenepo ndinadziwa kuti uyu ndi laoshi.

Ndi mayi wachitsikana, anaphunzira digiri yeniyeni yophunzitsa Chitchaina kwa alendo, ndipo satifiketi yake ya Putonghua anandionetsa osafunsa. Mukamasaka funsani zimenezo, si mwano. Funsaninso ngati anaphunzitsapo munthu mpaka kulemba HSK 6, chifukwa kuphunzitsa ni hao ndi matoni anayi ndi ntchito ina, iyi ndi inanso. Komanso mufunse kuti akukukonzekeretsani pa silabasi iti. Mu 2021 ku China anatulutsa muyezo watsopano wa ma level 9, mawu ake onse opitirira 11,000, ndipo 7 mpaka 9 amalembedwa ngati mayeso amodzi. Ndiye musanalipire aliyense lowani pa chinesetest.cn muone mtundu wa mayeso umene mudzalembe pa senta yanu, laoshi wanuyo adziwenso, musamakonzekere zina mayeso akubwera ena.

Tsiku limene anandibwezera suoxie yanga yoyamba sindidzaiwala. Ndinali nditalemba zilembo zokwana ndithu, nkhani ndinaigwira yonse, ndikudzimva kuti apa nde ndaswa. Inabwera pa WeChat ili psuu. Anazunguliza ranhou aliyense amene ndinalemba, ndipo analipo pafupifupi mzere uliwonse, kenako, kenako, kenako, ngati mwana akufotokoza filimu. Pansi analemba kuti ukulemba ngati ukuyankhula ndi anzako pa saiti. Apa m'pamene anandifotokozera bwino kusiyana kwa kouyu, chiyankhulo cha pakamwa, ndi shumianyu, cha m'mabuku, kuti munthu utha kukhala ku China zaka zinayi, kumagula zinthu pa msika, kumakangana ndi wa takisi bwinobwino, koma osatha kulemba ndime imodzi yomveka ngati ya munthu wophunzira. Ambirife amene tinakakhalako vuto lathu ndi limeneli, pakamwa tili bho koma cholembera chimatiyalutsa.

Njira yake pa suoxie ndi yosavuta kuimva koma yotopetsa. Amanditumizira nkhani, amatchera wotchi mphindi 10, ikalira amaichotsa pa sikirini, ndiye ndisanalembe kalikonse ndiyambe ndamuuza pakamwa kuti nkhaniyi ndi ya ndani, inachitika liti, chinasintha zinthu n'chani, inatha bwanji. Akuti ulendo woyamba werenga kuti umve nkhani, wachiwiri uzingotola nthawi, malo ndi mawu olumikizira, osalimbana n'kuloweza ziganizo zonse. Ndipo dzina la munthu wa m'nkhanimo ukaiwala kalembedwe kake usataye mphindi zitatu ukukanda mutu, lemba kuti mnyamatayo kapena mayiyo n'kumapita. Ma chengyu, miyambi yawo ija ya zilembo zinayi, anandiletsa kumangowaza paliponse pofuna kuoneka wodziwa, akuti umodzi woikidwa pamalo pake ndi wokwana, ukaika asanu olakwika wangodziulula wekha. Pa bingju anandiuza zimene sindinkayembekezera kwa mphunzitsi, kuti pa tsiku la mayeso ndidzayambe ndi zigawo zinazo, awa ndidzawabwerere kumapeto, chifukwa amadya nthawi ndipo ngakhale eni chiyankhulo amawaphonya. Koma m'kalasi timawapangabe sabata iliyonse poti ndi amene akundiwongola polemba.

Chingerezi amachidziwa koma sachigwiritsa ntchito, ndipo ine ndinachita kumupempha kuti zikhale choncho. Ngati uli pa level iyi mphunzitsi n'kumakufotokozera galamala m'Chingerezi ndiye kuti ola lako theka lapita pachabe.

Tsopano za kwathu kuno zimene iye sangazimvetse. China yonse imayendera nthawi imodzi ya Beijing ndipo ali patsogolo pathu ndi maola 6, ndiye ukaweruka 5 koloko madzulo kwawoko ndi 11 usiku, munthu akugona. Ine makalasi anga ndimapanga 5 koloko m'mawa, kwawo ili 11, kapena Loweruka masana. Vidiyo imadya bandulo moopsa ndiye tinagwirizana kuti kamera tizizimitsa, azingoonetsa sikirini basi, ndipo zolemba zonse zimayenda pa WeChat. Magetsi akathima ndimasamukira pa foni ndi power bank, ndinamuuziratu tsiku loyamba kuti nthawi zina ndizidzasowa pakati pa chiganizo asamaganize kuti ndathawa. Kulipira ndiye mutu wina, mapulatifomuwa amafuna madola ndipo nonse mukudziwa mmene nkhani ya foleksi ilili, khadi limatha kukana pa tsiku limene ukulifunitsitsa. Gulani makalasi angapo nthawi imodzi pamene zatheka, koma pokhapokha mutamuyesa kale munthuyo, osati kulipiriratu mwezi wonse kwa munthu amene mwangomuonera kavidiyo.

China choti mugwirizane msanga ndi laoshi wanu ndi chakuti mudzalemba pa pepala kapena pa kompyuta. Pa kompyuta umatayipa pinyin, katchulidwe ka mawuwo m'zilembo zathuzi, n'kusankha chilembo, zimene kwa ife amene dzanja linaiwala kalekale ndi chipulumutso, koma nazonso zili ndi msampha wake, umatha kusankha chilembo chomveka chimodzimodzi koma cholakwika, makamaka zilembo zitatu zija zimene zonse zimatchulidwa de, iwe osaona n'komwe poti ukuthamanga. Ngati senta yanu ndi ya pepala ndiye yambani lero kulemba pamanja, zilembo 400 mu mphindi 35 si masewera dzanja likakhala lozolowera foni. Amene mukufuna sikolashipu ya masters yophunzira m'Chitchaina funsaninso yunivesite yanu ngati ikufuna HSKK, mayeso a pakamwa aja, ndipo kumbukirani kuti pofunsira malo zotsatira za HSK zimagwira ntchito zaka 2 zokha kuchokera tsiku lolemba, ndiye musathamangire kulemba chaka chino ngati mukudziwa kuti mapepala mudzaponya patapita zaka zitatu.

Ndalama ikavuta musasiyiretu. Ine mwezi umene thumba lapepuka ndimachepetsa makalasi a pamaso n'kumupempha kuti azingondichongera suoxie imodzi pa sabata, amandiwerengera mtengo wocheperako, ndipo kumvetsera ndi kuloweza mawu ndimapanga ndekha usiku. Ambiri mwa aphunzitsiwa amavomera zoterezi mukangowafunsa mwaulemu, kungoti sazilemba pa mbiri yawo.