Liwu limodzi la Chingelezi, mawu atatu a Chilithuania

Lero ndi Lachitatu, ndipo mvula imene inayamba kusanache sinakate mpaka madzulo ano. Ndinafika kuntchito 6 koloko monga mwa masiku onse, m'nyumba yaikulu yopakiramo ndiwo zamasamba kufupi ndi mzinda wa Peterborough ku England, kumene anzanga ambiri ndi ochokera ku Lithuania, ku Poland ndi ku Romania. Anthu a ku Lithuania anayamba kubwera kuno mwaunyinji dziko lawo litalowa mu European Union mu 2004, moti chilankhulo chawo chimamveka m'basi, m'sitolo ngakhale pamzere wa kubanki. Pakati pawo pali mayi wina wachikulire wa kufupi ndi mzinda wa Kaunas ku Lithuania amene timaimirira limodzi pa lamba woyendetsa ndiwo zimene tikupakira, ndipo patha milungu itatu tikuphunzitsana pa nthawi yopuma. Iwo akufuna kuwongola Chingelezi chawo kuti azidzilankhulira okha kuchipatala popanda kudikira mwana wawo kuti awatanthauzire, pomwe ine ndikufuna kumvako zimene anzanga amakamba tsiku lonse.

Tili ndi kope limodzi limene tsamba lililonse tinaligawa pakati, Chingelezi kumanzere, Chilithuania kumanja. Poyamba tinkaganiza kuti liwu lililonse la kumanzere lidzapeza mnzake mmodzi kumanja, monga mmene foni imaonetsera munthu akalembamo liwu. Lero ndi pamene ndakhutira kuti kagawidwe kameneka n'kosakwanira.

Zinayamba ndi liwu lakuti wash. Mayiwo anali atalemba plauti pambali pake, koma nkhope yawo inkaonetsa kuti sanakhutire. Anati plauti ndi mbale, makapu, pansi kapena galimoto, koma zovala ndi skalbti, ndipo munthu akamatsira madzi kumaso kapena m'thupi amati praustis. Anandifunsa kuti Angelezi amadziwa bwanji chimene mnzawo akunena ngati liwu lili limodzi lomwelo. Ndisanawayankhe ndinazindikira kuti zimene akufotokozazo ndinakula nazo, chifukwa kwathu timatsuka mbale, timachapa zovala, ndipo timasamba m'thupi, ndipo mwana amene anganene kuti akukachapa mbale amadzudzulidwa nthawi yomweyo. Ndinatenga cholembera n'kujambula mzere wachitatu m'kopemo, ndipo ndinalemba kutsuka, kuchapa ndi kusamba moyang'anizana ndi mawu awo atatu aja. Anayang'anitsitsa tsambalo kwa kanthawi, kenako anatchula liwu lililonse pang'onopang'ono ndi kundifunsa ngati alitchula bwino. Komabe kufananako kuli ndi malire ake, pakuti ife timasamba m'manja pomwe iwo pa manja amagwiritsa ntchito liwu lomwe lija la mbale.

Liwu lachiwiri linali marry, limene analimva pokambirana za ukwati wa mtsikana wina wa pantchito pathu. M'Chingelezi mwamuna ndi mkazi amanenedwa ndi liwu limodzi. M'Chilithuania mwamuna ndiye amati vesti, liwu limene limatanthauzanso kutsogolera, ndipo mkazi amati tekėti, pomwe awiriwo pamodzi amati tuoktis. Apanso Chichewa chinandifikitsa msanga kuposa Chingelezi, pakuti ndi kukwatira, kukwatiwa ndi kukwatirana. Chimene chandikhalira m'mutu mpaka tsopano n'chakuti tekėti yemweyo ndiye amanenedwa mtsinje ukamayenda ndiponso dzuwa likamatuluka. Mayiwo ananena zimenezi ngati nkhani wamba, koma ine ndinaona kuti munthu wongodalira foni sangadziwe kuti liwu la mkwatibwi ndi lomwelo la madzi ndi la m'bandakucha.

Sikuti Chichewa chinandithandiza paliponse. Titafika pa wear ndinasowa chogwira, chifukwa ife timavala chilichonse, kaya nsapato, malaya kapena chipewa. M'chipinda chozizira chimene timagwiramo ntchito aliyense amakhala atavala zambiri, choncho mayiwo anangoyamba kuloza. Analoza jombo zawo n'kunena kuti avėti, anakweza manja okhala ndi magolovesi a buluu n'kunena kuti mūvėti, anagwira kolala ya jekete n'kunena kuti vilkėti. Anawonjezera kuti thalauza limayendera limodzi ndi magolovesi, mwina chifukwa zonse ndi zolowetsamo chiwalo. Liwu lakuti know nalonso linagawika patatu: žinoti ndi kudziwa nkhani, pažinti ndi kudziwa munthu, ndipo mokėti ndi kutha kuchita chinthu kapena kulankhula chilankhulo. Mokėti yemweyo amatanthauzanso kulipira, choncho m'sitolo munthu ayenera kumvetsera chiganizo chonse.

Belu lisanalire ndinawafunsa dzina la tsiku la lero, ndipo anati trečiadienis, kuchokera ku trečias, chachitatu, ndi diena, tsiku. Dzulo linali antradienis, mawa ndi ketvirtadienis, ndipo mkuja ndi penktadienis. Ndi Lachiwiri, Lachitatu, Lachinayi ndi Lachisanu ndendende, kuwerenga kuyambira Lolemba monga timachitira ife. Kwa iwo mayina a Chingelezi ndiwo ovuta, chifukwa Tuesday ndi Thursday sanena chilichonse kwa munthu amene sadziwa mayina a milungu yakale imene masikuwo anatchulidwira, ndipo anandiuza kuti tsiku lina anapita kuchipatala pa tsiku lolakwika chifukwa cha mawu awiri amenewa. Miyezi yawo nayonso ili ndi matanthauzo omveka: rugpjūtis, mwezi wa Ogasiti, ndi nyengo yokolola rye, mbewu yofanana ndi tirigu, ndipo lapkritis, mwezi wa Novembala, ndi kugwa kwa masamba.

Pali chinthu china chimene ndakhala ndikuchiona mwa mayiwa, ndipo lero ndachimvetsa. Achinyamata a kwawo akamasakaniza Chingelezi m'zolankhula zawo, iwo amawawongolera mofatsa koma mosanyengerera. Pobwerera pa lamba anandikumbutsa kuti kuyambira 1864 mpaka 1904 boma la Russia, limene linkalamulira dziko lawo, linaletsa kusindikiza mabuku a Chilithuania m'zilembo za Chilatini. Mabuku ankasindikizidwa kutsidya kwa malire, ku East Prussia, dera limene panthawiyo silinali pansi pa Russia, ndipo anthu otchedwa knygnešiai, kutanthauza onyamula mabuku, ankawalowetsa m'dzikomo mobisa, podziwa kuti akagwidwa akhoza kumangidwa kapena kutumizidwa ku Siberia. Munthu amene anakula akumva mbiri yotere satenga mawu ngati chinthu chongotola panjira. Ine ndikuona kuti mayiwa akulondola, ngakhale achinyamatawo nthawi zina amatopa nawo.

Madzulo ano nditadya ndinakhala pa kompyuta kuti ndiyang'anenso mawu a lero m'dikishonale yaikulu ya chilankhulochi, Lietuvių kalbos žodynas, imene tsopano ili pa intaneti. Ntchito yake anaiyamba ndi katswiri wa zilankhulo Kazimieras Būga, buku loyamba linatuluka mu 1941 ndipo la 20, lomwe ndi lomaliza, linatuluka mu 2002. Kwa anthu pafupifupi 3 miliyoni olankhula chilankhulochi, imeneyi ndi nkhokwe yaikulu zedi, ndipo poiona ndinalakalaka kuti Chichewa, chimene chili ndi olankhula ochuluka kuposa pamenepo, chidzakhale ndi yotere. Ndinapezanso vuto limene kope lathu silinalikhudze. Dzina la chinthu m'Chilithuania limasintha mathero ake malinga ndi ntchito yake m'chiganizo, ndipo njira zake zilipo 7. Nyumba ndi namas, koma za nyumba ndi namo, kuona nyumba kumafuna namą, ndipo m'nyumba ndi name, liwu limene pa pepala limafanana ndi liwu la Chingelezi lotanthauza dzina ngakhale palibe ubale uliwonse. Ife timasintha kutsogolo kwa liwu, kunyumba, panyumba, m'nyumba, iwo amasintha kumapeto, ndipo dikishonale ya pafoni imangopereka namas yekha.

Ndagula kope lina lalikulupo ndipo ndajambulamo mizere itatu kuyambira tsamba loyamba, ndi malo okwanira pansi pa liwu lililonse oti tizilembapo chiganizo chathunthu. Mayiwo apempha kuti mawa tione mawu a kuchipatala, makamaka pain, ache, hurt ndi sore, chifukwa kwa iwo pafupifupi onsewa amagwera pa skauda, ndipo akufuna kukafotokoza bwino za bondo lawo Lolemba likubwerali. Ulendo uno Chingelezi ndicho chili ndi mawu ambiri, choncho ndayamba kale kulemba kupweteka, kuwawa, kulasa ndi kuphwanya m'thupi mu mzere wanga, kuti ndione amene angandithandize kuwafotokozera kusiyana kwake.