Kuchotsera kuchindikala kwa matabwa popanga kaboti koyerekezera

Kaboti kamene ndikufotokoza pano ndinakapangira kwathu ku Ulongwe, potengera boti lamatabwa longa amene asodzi amayendera pa nyanja ya Cahora Bassa ku Mozambique, yomwe inayamba kudzaza mu 1974 damu la ku Songo litatseka mtsinje wa Zambezi. Botilo ndi mamita 8 mulitali ndi mamita 2 mulifupi, choncho pa sikelo ya 1:20, kutanthauza kugawa muyeso uliwonse ndi 20, kaboti kanga kanayenera kukhala mamilimita 400 mulitali ndi 100 mulifupi.

Ndisanagwire sowo ndinayamba ndatsimikiza kuti mizere ya pa pulani ikusonyeza mbali iti ya khungu la boti, kutanthauza matabwa kapena zitsulo zokutira kunja kwake. Mapulani a sitima zachitsulo kawirikawiri amatsata mkati mwa khungu, pomwe ambiri a maboti amatabwa amatsata kunja. Yanga inali ya miyeso yakunja, ndipo timatabwa ta paini tokutira nato tinali tochindikala mamilimita 2. Nthiti, zomwe ndi zidutswa zopingasa zamkati zimene timatabwato timamatidwapo, zikanadulidwa ndendende pa mzere, kabotiko kakananenepa mamilimita 2 mbali iliyonse n'kufika 104, ndipo mamilimita 4 owonjezerawo ndi masentimita 8 pa boti lenileni. Ena amati zimenezi siziwoneka, koma zimaonekera pamene denga la kaboti ndi mipando, zodulidwa motsata pulani, zakana kufika m'mbali.

Pulani ikanakhala ya mizere yamkati, kuwerengera kukanasintha. Thabwa lenileni la mamilimita 25 limakhala 1.25 pa sikelo imeneyi, motero ndikanachotsa 0.75 yokha, imene timatabwa tanga tinaposera muyeso woyenera.

Kuti ndichotse mamilimita 2 a kuchindikala kwa timatabwa, ndinakopera nthiti iliyonse pa katoni, kenako ndinatsegula kampasi mamilimita 2, ndikuika nsonga yake pa mzere ndi kulemba timauta tating'ono chamkati, motalikirana ngati theka la sentimita. Nditalumikiza nsonga za timautato ndi pensulo yosongoka bwino, panatuluka mzere watsopano woyenda limodzi ndi wakale, ndipo ndi umenewu umene ndinadulapo pulayiwudi. Rula yokha sindiikhulupirira pa ntchito imeneyi, chifukwa pamalo opindika munthu amangopezeka akuyeza chopingasa.

Nthiti zapakati sizinavute. Kumphuno kwa boti n'kumene kumafuna kudekha, popeza matabwa amapendekera mkati kuti akakumane, ndipo sagona chafulati pa nthiti. Thabwa likapendeka madigiri 45, malo amene limadya pa nthiti si mamilimita 2 ayi koma pafupifupi 2.8, ndipo pa madigiri 60 amafika 4. Apa ndinachotsa mowonjezera pang'ono pa katoni, zotsalazo n'kumalizira ndi sandipepa womata pa kathabwa kotalika kofika nthiti zitatu nthawi imodzi, nthiti zonse zitamatidwa kale pa msana wa kaboti, thabwa lapansi loyenda kuchokera kumphuno mpaka kumbuyo. Ndinkagoneka kamzere ka nsungwi kopyapyala pa nthitizo n'kuyang'ana kudzera kuwala: pomwe kasiya mpata ndinkamatapo kachidutswa, pomwe katukuka ndinkapala. Pa msanawo ndinasemanso kangalande kozama mamilimita 2 kuti thabwa loyamba lilowemo m'malo mokhala pamwamba.

Posalaza khungu sandipepa amadya pang'ono ndipo penti imabwezera pang'ono, choncho ziwirizi sindinaziwerengere. Nditamaliza kukutira ndinadula makatoni ena motsata mizere yoyambirira ya pulani, koma oboola mkati, ndipo ndinawavundikira pa kaboti pa malo a nthiti iliyonse kuti ndione pofunika kupalanso ndisanapake penti.