CPU ikafika pa 100%, funsani kaye ngati ikugwira ntchito kapena ikungodikira

Pulogalamu ikayamba kuchedwa pa seva, ambiri a ife timatsegula top kapena htop, zida zoonetsa mmene makina akugwirira ntchito, ndipo tikaona kuti CPU, yomwe ndi pulosesa, yafika pa 100% timagamula kuti makinawo achepa mphamvu, pakufunika kugula ena. Chigamulo chimenechi ndimachikayikira kwambiri, makamaka kwa ife amene seva iliyonse timaitanitsa kunja ndi ndalama zakunja zosowa kale. Nambala imeneyi imangotiuza kuti pulosesa inali ndi ntchito m'manja, koma siisiyanitsa nthawi imene inali kuwerengetsera zinthu ndi nthawi imene inaima chilili kudikira kuti deta ifike kuchokera ku RAM, nkhokwe imene kompyuta imasungamo deta imene ikugwiritsa ntchito. Mayi amene wakhala pamoto madzi akuwira, maso ali kunjira kudikira mwana amene anamutuma kuchigayo, aliyense wodutsa anganene kuti akuphika, koma kumugulira poto wamkulu sikungafulumizitse nkhomaliro.

Chosiyanitsa zinthu ziwirizi chili kale m'kati mwa pulosesa. Muli kachigawo kotchedwa PMU, komwe kali ndi zowerengera zingapo, ndipo chilichonse mungachiuze kuti chiziwerenga chochitika chimodzi: ma cycle (kugunda kwa wotchi ya pulosesa) amene adutsa, malangizo amene amalizidwa, kangati deta yasowa mu cache (kankhokwe kofulumira ka m'kati mwa pulosesa), kapena kangati pulosesa yaphonya polosera njira imene pulogalamu itenge pa mphambano ya if, pamene imasankha chochita. Popeza kuwerengako kumachitika mu silikoni mwenimweni, pulogalamu imene ikuyezedwa siichedwa kwenikweni. Pentium ya Intel ya mu 1993 inali nazo zowerengera ziwiri zimene kampaniyo sinazilengeze kwa anthu onse, mpaka Terje Mathisen anazifufuza yekha n'kufalitsa zimene anapeza m'magazini ya Byte mu 1994. Pa Linux, chida chowerengera zimenezi chotchedwa perf chinalowa mu kernel 2.6.31 (kernel ndiye mtima wa Linux) mu 2009, ndipo Ingo Molnar ndi Thomas Gleixner ndiwo anatsogolera ntchitoyo. Pa ntchito yomweyi Intel ili ndi chida cha VTune, AMD ili ndi uProf, koma ine ndimayambira pa perf chifukwa imapezeka pafupifupi paliponse pamene pali Linux.

Lamulo loyamba kulemba ndi perf stat, kenako n'kuika dzina la pulogalamu yanu. Pa zonse zimene limasindikiza, diso langa limathamangira pa IPC, yomwe ndi chiwerengero cha malangizo omalizidwa pa cycle imodzi. Mapulosesa a Intel a banja la Skylake angathe kumaliza malangizo pafupifupi 4 pa cycle, choncho pulogalamu yoonetsa 0.4 ikutaya gawo lalikulu la nthawi yake podikira. Brendan Gregg, katswiri amene anayambitsa zithunzi za flame graph zoonetsa pamene pulogalamu ikuthera nthawi, anapereka muyeso wosavuta mu 2017 wakuti IPC ikakhala pansi pa 1 muyambe mwakayikira RAM, ikakhala pamwamba pake muyang'ane kuchuluka kwa malangizo amene pulogalamu ikuchita. Si lamulo losasweka, komabe limakuikani pa njira yoyenera.

Kudikira kumeneku n'kokwera mtengo kuposa mmene ambiri amaganizira. Deta ikakhala mu cache yoyamba, ya L1, pulosesa imaipeza pa ma cycle 4 kapena 5, koma ikasowa m'ma cache onse n'kukatengedwa ku RAM pamadutsa ma cycle oposa 200. Ndiponso pulosesa siitenga byte imodzi payokha. Imakoka mzere wathunthu wa ma byte 64 nthawi imodzi. Taganizirani tebulo lalikulu la manambala a mtundu wa double m'chinenero cha C, momwe nambala iliyonse imatenga ma byte 8 ndipo tebulolo limasungidwa mzere ndi mzere. Mukamaphatikiza manambalawo motsata mizere, ulendo umodzi wa ku RAM umakubweretserani manambala 8 amene onse muwagwiritsa ntchito nthawi yomweyo. Mukamatsika motsata mizati, mumatola nambala imodzi yokha pa mzere uliwonse, ndipo tebulo likakula kuposa cache, 7 otsalawo amakhala atachotsedwamo musanabwerere kudzawafuna. Malangizo ndi ofanana pafupifupi, yankho ndi limodzimodzi, top imaonetsa 100% njira zonse ziwiri, koma njira yachiwiri imachedwa kangapo, ndipo chiwerengero cha cache-misses ndicho chimaulula chifukwa chake. Mankhwala ake ndi kusinthanitsa mizere iwiri ya for, imene imayendetsa pulogalamu m'tebulolo, basi.

Mukadziwa mtundu wa vuto, funso lotsatira ndi lakuti vutolo lili pati, ndipo apa pamafunika perf record. Chowerengera chimauzidwa kuti chikafika pa nambala inayake chidukize pulosesa, ndipo kernel imalemba malo amene pulogalamu inali panthawiyo. Zitsanzo zikachuluka, perf report imaonetsa ma function, zigawo za pulogalamu, amene akudya nthawi. Pano ndi pamene ndikufuna owerenga asamale kwambiri, chifukwa pakati pa chochitikacho ndi kudukizako pamadutsa kanthawi, pulosesa n'kukhala itapitirira malangizo angapo, moti mlandu umagwera mzere wa pulogalamu wosalakwa woyandikana ndi wolakwawo. Akatswiri amatcha zimenezi skid. Intel inakonza njira ya PEBS ndipo AMD ili ndi IBS, momwe pulosesa imalemba yokha malo enieniwo. Mu perf mumapempha zimenezi poonjezera :pp kumapeto kwa dzina la chochitika. Musanasinthe mzere chifukwa chakuti perf annotate, yomwe imaonetsa zotsatira mzere ndi mzere, yaulozera, yang'anani malangizo a pamwamba pake.

Chenjezo lina ndi lakuti zowerengerazi ndi zochepa. Pa Skylake, Hyper-Threading ikayatsidwa, kuti chigawo chimodzi cha pulosesa chizigwira ntchito ziwiri (ma thread) nthawi imodzi, thread iliyonse imakhala ndi zowerengera 4 zimene mungasankhe chowerenga ndi zina 3 zokhazikika. Mukapempha zochitika 12, perf siikana; imazipatsa zowerengerazo mosinthana n'kuchulukitsa zotsatira kuti ziyerekeze nthawi yonse. Peresenti imene imaoneka kumapeto kwa mzere imasonyeza gawo la nthawi limene chochitikacho chinawerengedwadi, ndipo pa pulogalamu imene khalidwe lake limasinthasintha, nambala yoyerekezayo ingathe kusokeretsa. Ndi bwino kupempha zochepa n'kuyendetsa pulogalamuyo kangapo. Amene akufuna dongosolo losankhira zochitika aphunzire njira ya Top-Down imene Ahmad Yasin wa ku Intel anafalitsa mu 2014, yomwe imagawa mpata wonse wa pulosesa m'magulu 4: ntchito yomalizidwa, ntchito yotayika chifukwa cha kulosera kolakwika, kudikira malangizo, ndi kudikira deta kapena zigawo zowerengetsera.

Pali zopinga ziwiri zimene mungakumane nazo tsiku loyamba lomwe. Ngati perf ikudandaula za chilolezo, onani nambala ili mu /proc/sys/kernel/perf_event_paranoid, chifukwa ikakhala 2 wogwiritsa ntchito wamba amaloledwa kuyeza pulogalamu yake yokha popanda kuona za mu kernel. Ngati pa cycles ndi instructions pakulembedwa kuti not supported, mwina muli pa makina obwereka a pa cloud amene eni ake sanatsegule PMU kwa alendo. Zikatero pemphani makina athunthu a bare metal, osagawana ndi ena, kwa maola ochepa, kapena muyendetse pulogalamuyo ndi deta ya kukula komweko pa kompyuta ya mu ofesi imene pulosesa yake ndi ya banja lomwelo.