Kambedza kothyoka

Lolemba m'mawa a dokotala a mano anandiitana, ine wokonza mano oikirira m'labu, kuti ndidzaone mano oikirira omwe anabwera atakulungidwa m'kampango. Eni ake, bambo opuma pantchito, anawapangitsa ku Johannesburg kalekale: mano anayi am'munsi okhala pachitsulo cha cobalt-chromium. Kambedza kogwira dzino lakumanzere kanali katathyoka.

"Kangothyoka kokha, mwanawe," anatero bambowo. Koma pa kambedza kakumanja panali tizipsera ta pulayala. Mano akayamba kugwedera, anthu amakonda kufinya okha, pomwe chitsulochi, ngakhale n'cholimba, sichilola kupindidwa kawiri katatu. Ndinangoti, "Bambo, pulayala ija muisiyire njinga." Anaseka chogwira pakamwa.

Ambiri amayesa n'kungowotcherera ngati ndowa. Ayi ndithu. Chitsulochi chimasungunuka pa madigiri oposa 1,300, ndipo moto ukangoyandikira, pulasitiki wonga nkhama wogwira manowo amapsa, mano n'kuyoyoka. Anzathu okhala ndi makina a laser amalumikiza osapsereza kanthu, ife tilibe. Ndiye Lachiwiri a dokotala anatenga chikombole cha alginate, phala lofewa lotengera muyeso wa m'kamwa, manowo ali m'kamwa, ine n'kuthira pulasitala pompo, poti alginate ukamuchedwera amanyala, muyeso n'kusokonekera.

Lachitatu ndiye linandidyera tsiku lonse. Ndinadula chitsa cha kambedza kaja n'kupala, kenako n'kuyamba kupinda waya wosachita dzimbiri wa mamilimita 0.9 mozungulira dzino lapulasitala. Wayayo ayenera kudutsa kunsi pang'ono kwa pamene dzino lanenepa kwambiri. Akakwera sagwira, akatsika abaya nkhama. Woyamba ndinaupinda mobwerezabwereza mpaka unafooka, tchimo lomwe lija ndinadzudzulira bambowo. Ndinautaya. Wachiwiri unakhala, ndipo mchira wake ndinaukhotetsa ngati njoka n'kuukwirira m'pulasitiki watsopano kuti usasololoke.

Lachinayi magetsi anathima, makina osalalitsira ali zii. Ndinangosesa m'labu.

Lachisanu bambowo analowetsa mano, n'kumveka kuti khethe! Ndinawauza mosabisa kuti ichi n'chigamba, ndipo chitsulo chachikulu chodutsa kuseri kwa mano chikadzathyoka, padzafunika kupanga ena. Povula azikoka mbali zonse ziwiri pamodzi, ndipo akagwedera abwere nawo kuno.

Anagwedeza mutu, n'kuyendetsa lilime m'kamwa kanthawi.

"Nanga chimanga chootcha, ndiyambe lero lomwe?"